Magazi a Mtengwa

"Ngati akudwala, anene dzina la matendawo," anatero apongozi anga aakazi, mayi Anarkan, uku akumenyetsa ketulo pa mbaula. "Ndi matenda anji obwera dzuwa likapendeka, m'mawa n'kuchoka okha? Matenda odziwa nthawi yokama ng'ombe?"

"Amayi, thupi limachita kutentha zenizeni," anayankha mlamu wanga Kubat, maso ali pa kambale kake ka tiyi. "Pofika m'mawa zofunda zimakhala zitanyowa ndi thukuta."

"Hatchi nayonso imatuluka thukuta, koma siikana chishalo. Mkazi wakoyu ine ndamuona. Kwawo anamulera ngati dzira."

Wonenedwayo, Zuura, anali pomwepo, atagwada chakuchitseko pamalo pa mtengwa, akudula buledi. Sanadzutse mutu. Mtengwa wa chaka chachiwiri sayankha apongozi, makamaka apongozi aamuna ali pomwepo. Ndipo bambo Toktosun analipodi, pamalo pawo kumtunda kwa nsalu yodyera, akuuzira tiyi ngati kuti nkhaniyo ikuchitikira mudzi wina.

Ine ndine Burul, mkazi wa mwana wawo wamkulu, Orozbek, amene ali ku Rasha komanga nyumba za eni ake. Nyumba yanga ili kutsidya kwa bwalo lomwelo, koma tiyi wa m'mawa timamwera kwa akuluakulu. M'mudzi muno amati pakamwa panga m'pa lumo, ndipo sanama. Choncho ndinalowererapo.

"Amayi, mwanayu ali ndi pakati pa miyezi isanu. Pa chaka chatha panapita padera mwezi ngati uno. Bwanji apumeko m'khola, masabata awiri okha?"

"Apume? Chabwino. Ulowemo iweyo."

Lumo lija linabunthira pomwepo. Ndinene zoona, poti nkhaniyi sindikuifotokoza kuti mundiyamikire. M'khola la nkhosa zoswa ndinagwiramo zaka zisanu ndi zitatu. Tsiku limene Zuura analowa pakhomo pano atafunda mpango woyera, ine ndinasangalala kuposa mkwati, chifukwa ntchito ya mtengwa wamng'ono inali itandichoka pamsana. Amuna amakwera hatchi kukadyetsa nkhosa m'mapiri, ndipo iwowo ndiwo amatchedwa abusa. Koma Malichi akafika, nkhosa zikayamba kuswa, dzanja lolowa mwa nkhosa imene mwana wapingasa ndi la mtengwa, akuti poti ndi laling'ono. Wopukuta tiana ndi iyeyo, wotaya zotsalira ndi iyeyo, wokama ndi iye yemweyo. Sindinkafuna kubwereramo, ngakhale kwa masabata awiri.

"Mwaonatu," anatero amayi. "Chifundo cha pakamwa sichitopetsa."

Apa bambo Toktosun anaika kambale pansi.

"Mawa kubwera a Shayir, anamwino aja. Akuyenda nyumba ndi nyumba kutenga magazi a abusa, akuti akufufuza matenda ochokera ku nkhosa. Ndalembetsa ine ndi Kubat. Akafunsa za ziweto, ziweto zili bwino. Za m'nyumba sauza mlendo."

Palibe anafunsa chifukwa chake. Chiyambire kusungunuka kwa chipale chofewa, nkhosa zisanu ndi zinayi zinali zitapoloza, ndipo tiana takufato tinkaponyera agalu kuseri kwa khola. Dokotala wa ziweto akanamva, akanabwera kudzayeza gulu lonse, zodwala n'kuphedwa, zotsala n'kuletsedwa kukwera ndi nkhosa za anthu ena kubusa la m'mapiri nyengo yotentha. M'gulu limenelo munalinso nkhosa zanga khumi ndi ziwiri.

A Shayir anafika dzuwa litakwera, jombo zili matope okhaokha, atakoleka kabokosi kozizira paphewa. Ndi mayi wa thupi, wa mawu aakulu, ndipo theka la ana a m'mudzi muno anabadwira m'manja mwawo. Tinawakhazika kumtunda, pambali pa abambo.

"A Toktosun, pindani malaya. Musaope, n'kasingano chabe. Mnzanu wa kumlatho uja, amene amati anapha mmbulu ndi chikwapu, dzulo wakomoka nditangotulutsa thonje."

Abambo anaseka n'kupereka mkono. Kubat nayenso anapereka. Anamwino analemba mayina pa timabotolo tiwiri, kenako anatulutsa pepala la mafunso.

"Nkhosa zapolozako chaka chino?"

"Ngakhale imodzi," anayankha abambo.

"Muli ndi mwayi. Kwa anansi anu zapoloza, kutsidya kwa mtsinje zapoloza, koma matendawa akafika pa mpanda wanu amavula chipewa n'kulambalala. Alipo pakhomo pano amene akutentha thupi madzulo, kutuluka thukuta, kuphwanya m'chiuno ndi m'mawondo?"

"Tonse tili bwino, Mulungu atamandike," anayankha amayi.

"Nanga nkhosa zikamaswa, amazithandiza ndani?"

"Ife eni ake," anatero abambo. Kubat anayamba kutola nyenyeswa za buledi pa nsalu.

Nthawi yonseyi Zuura ankathira tiyi monga mwa mwambo, pang'ono chabe m'kambale kuti mlendo amwe wotentha, n'kupereka ndi dzanja lamanja, lamanzere litagwira chigongono. Pofika pa anamwino tiyi anatayikira pa nsalu. A Shayir sanayang'ane tiyiyo. Anayang'ana pamene dzanja limalumikizana ndi mkono, pomwe panali potupa.

"Dzanjali latani, mwana iwe?"

"Ndi pakati," anafulumira amayi. "Ana a masiku ano pakati pamawafewetsa. Idyani kayimaki, a Shayir, ndawengula m'mawa womwe uno."

Anawakankhira mbale ya mafuta a pamwamba pa mkaka, amene pakhomo pano timanyadira kuti ndi okoma kuposa a mudzi wonse.

"Mkaka wake munawiritsa?"

"Wowiritsa amadya a m'tauni. Sakoma."

A Shayir anadya buledi wouma.

"Ndikuuzeni, kuti mawa musadzati sindinanene. Matendawa, ife timati buruselozi, sakwera hatchi. Amakhala m'madzi a nkhosa yoswa, m'zotsalira zake, ndi mu mkaka wosawiritsa. Amalowera m'ming'alu ya m'manja. Munthu amatha nawo chaka akungotchedwa waulesi. Mankhwala alipo, a masabata asanu ndi limodzi, koma kwa mayi wapakati kuchedwa n'koopsa. Kuboma anandipatsa timabotolo makumi anayi, akuti ta abusa, ndipo mayina amapereka ndi eni nyumba. Ndayenda mudzi wonse uno, pa pepala langa palibe dzina la mkazi ngakhale mmodzi. Koma wina atandiuza kuti akudwala, kabotolo ndingakapeze."

Atatero anatembenukira kwa ine.

"Burul, lero wadya chiyani? Sindinakuonepo utakhala chete chonchi, ngakhale pa maliro."

"Dzino, anamwino," ndinatero nditagwira tsaya. "Likundibaya kuyambira dzulo."

Mano anga onse anali abwinobwino. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, kenako anatseka kabokosi kawo n'kunena kuti zotsatira abwera nazo zikatuluka kuboma.

Patapita masiku atatu ndinalowa m'khola kukatenga fosholo. Fungo la m'menemo ndinali nditaliiwala mwadala, la ndowe, udzu wonyowa ndi magazi. Zuura anali atagwada pambali pa nkhosa yakuda imene inali itangoswa. Kamwana kake sikankapuma. Anakachotsa zonanda m'kamwa ndi chala, kenako anaika pakamwa pake pa mphuno ya kamwanako n'kuuzira, monga momwe ndinamuphunzitsira ineyo chaka chake choyamba. Kanayetsemula, n'kuyamba kuphupha. Iye anapukuta milomo ndi mkono wa chikhotho.

"Achemwali," anatero osandiyang'ana, "zonse zimene ananena anamwino zija zili pa ine. Madzulo, thukuta, chiuno. Ankangokhala ngati akuwerenga m'thupi mwanga."

"Mwina ndi pakati chabe. Pakati pamabwera ndi zambiri."

"Inunso mukutero?"

Anandionetsa manja. Zala zonse zinali ming'alu yokhayokha chifukwa cha madzi ozizira, ina ikutuluka magazi. Manja amenewo ndinkawadziwa, chifukwa anga anali otero zaka zisanu ndi zitatu.

"Ndiperekezeni kuchipatala mawa. Ndekha sangandilole kutuluka pachipata, koma inu mukati tikukagula mchere wa nkhosa, amayi savuta."

"Ukatengedwa magazi lero, mkuja dokotala wa ziweto ali pano. Ukuwadziwa abambo. Angakubweze kwanu ndi zovala zili m'thupizo, mudzi wonse n'kumati mtengwa wa kwa Toktosun anaphetsa nkhosa za apongozi ake. Adzakukwatiranso ndani? Dikira zimalize kuswa, kwatsala masabata awiri okha. Ndidzakuperekeza ndekha, ndi miyendo yangayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Nkhono ilibe pakati, achemwali."

Anagwira dzanja langa n'kulilowetsa m'kati mwa chikhotho chake, pamimba. Ndinafuna kulibweza, iye analigwiritsa. Kenako ndinamva kugunda, kamodzi, kawiri, pang'ono chabe.

"Wayamba Lachisanu," anatero. "Woyamba uja sanafike pogunda. Ameneyu ndamudziwa, achemwali. Akamva fungo la tiyi amasuntha."

Manyazi anandigwira. Ndinatola fosholo ija n'kutuluka, ndipo panja ndinapeza Kubat akumanga chishalo. Mkwiyo umene ndinali nawo pa ine ndekha ndinautsanulira pa iye.

"Alamu, mkazi wanu akutha inu mukuona."

"Ndikuona, alamu. Mukuganiza kuti ndilibe maso?"

"Ndiye mukudikira chiyani? Mukwezeni pa hatchiyi, kuchipatala si ku Rasha."

"Khoswe wakhala pa mkhate. Ndikaulula, ndapha nkhosa zimene abambo akhala akuweta ine ndisanabadwe. Nyumba iyi ndi yawo, hatchi iyi ndi yawo, ngakhale chipewa ndavalachi. Ndikakhala chete..." Anakoka lamba wa chishalo mpaka hatchi inadzuma.

"Mwamuna ndinu."

"Inunso pakamwa muli napo, potchuka mudzi wonse. Dzino lija linapola?"

Anakwera n'kumapita. Umo ndi mmene tinkaponyerana katunduyo, aliyense akuyembekeza kuti mnzake ndiye amusenze. Chimene ndinachita ine, kuti mtima undileke, n'kumupatsa Zuura magolovesi anga ochapira. Anawavala tsiku limodzi. Amayi atawaona anati nkhosa ikamva fungo la mphira pa mwana wake imamukana, ndipo tidzakhala ndi ana amasiye odzaza khitchini. Magolovesiwo anabwerera kwanga atawapinda bwinobwino.

Masiku ankapita. Madzulo alionse, nthawi yokama, ndinkamuona kudzera pa zenera langa akudutsa pabwalo ndi ndowa ziwiri, akuima katatu asanafike pakhomo. Ndinkatseka katani. Nkhosa zina zisanu zinapoloza. Amayi anayamba kunena poyera kuti mtengwa wosagwira ntchito, wosasunganso mimba, kwawo kulipo.

A Shayir anabweranso patatha masiku khumi ndi awiri chibwerere ulendo woyamba uja. Tinakhala monga tinakhalira kale, aliyense pamalo pake.

"Magazi a bambo Toktosun alibe kanthu. A Kubat alibenso kanthu."

"Ndinanena ine," anatero abambo, nkhope yonse ili mwee. "Nyumba ya Toktosun ilibe matenda. Mukawauze a kuboma. Mtengwa, thirira alendo tiyi."

Zuura sanagwire ketulo. Anayenda ndi mawondo kuchoka kuchitseko mpaka pakati, anasuntha buledi, anapinda mkono wa diresi mpaka paphewa, n'kugoneka mkono wake pa nsalu yodyera, patsogolo penipeni pa apongozi aamuna. Mtengwa saonetsa ngakhale tsitsi pamaso pa apongozi aamuna. Mkonowo unali wowonda, woyera, mitsempha ili poonekera.

"Funda mkonowo," ananong'ona amayi. "Wapenga?"

"Abambo," anatero Zuura. Zaka ziwiri zonse ndinali ndisanamumvepo akuwalankhula mwachindunji. "Mundikhululukire. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhosa zanu zonse zaswera m'manja awa. Ngati pakhomo pano pali m'busa mwezi uno, ndine. Anamwino, tengani."

Abambo sanamuyang'ane. Anayang'ana mwana wawo.

"Kubat, mkazi wako wayamba liti kulankhula pa nsalu yanga?"

Kubat anadzutsa mutu. "Asiyeni atenge, abambo."

"Atengerenji? Nkhosa zanga zili bwino. Anamwino anena okha."

"Ine ndanena za magazi anu," anatero a Shayir. "Za nkhosa mwanena ndinu."

"Zapoloza khumi ndi zinayi."

Ameneyo ndinali ine. Mawuwo anangotuluka, ngati madzi akaboola mchera, ndipo atayamba sanathenso kuima.

"Zisanu ndi zinayi musanabwere ulendo woyamba, zisanu pambuyo pake. Agalu a kuseri kwa khola anenepa, mukawaone. Zonsezo wazigwira ndi mwanayu, ndi manja opanda kanthu. Akutentha thupi mwezi wachiwiri uno. Dzino silinkandiwawa, anamwino."

Abambo anatembenuka pang'onopang'ono. "Nkhosa zako zili momwemo, Burul."

"Ndikudziwa, abambo. N'chifukwa chake ndachedwa."

"Mwana wanga ali kutali, ine ndikukudyetsa, ndikusunga ziweto zako, ndipo malipiro ake ndi amenewa. Ndinkaweta njoka. Mlomo wa mkazi ndiwo upasula mudzi."

"Mukabisa matenda, a Toktosun, maliro amaulula," anatero a Shayir, akumanga kale lamba pa mkono wa Zuura. "Inu ndi ine takalamba, taikapo anthu ambiri. Musandiphunzitse."

Abambo anadzuka, anatenga chipewa n'kutuluka. Anamwino anapisa m'thumba la chikhotho chawo, osati m'kabokosi, n'kutulutsa kabotolo kolembedwa kale dzina la Zuura.

"Ndinakalemba tsiku lomwe lija," anatero. "Koma sindingalowe m'nyumba ya munthu n'kugwira mtengwa wake mokakamiza. Akanandiletsa m'nyumba zonse. Ndinkadikira mmodzi wa inu."

Zotsatira zinatuluka patatha masiku anayi, chifukwa a Shayir anakapereka magaziwo kuboma iwo eni pa basi. Matenda analimo, ndipo anali ochuluka. Kubat anapempha galimoto ya anansi n'kupita naye kuchipatala cha kuboma, osafunsa abambo. Kumeneko anamuyambitsa mankhwala oyenera mayi wapakati, kutentha thupi n'kuyamba kutsika. Tsiku lachitatu Kubat anaimba foni kuti akudya, akuseka. Ine ndinakapereka buledi kwa anansi asanu ndi awiri, kuthokoza Mulungu.

Tsiku lachisanu pakati panapita padera. Anali mwamuna. Kubat anabwera yekha masana ndi kanthu kokulunga m'nsalu yoyera, kosadzaza manja awiri, n'kukaika kumapeto kwa manda. Sanalole munthu kumuthandiza kukumba.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Shayir. Ndinawapeza akutsuka pansi pa kachipatala kawo.

"Ndikanalankhula tsiku loyamba lija, akanakhala moyo?"

Anafinya chikolopa, n'kuchifinyanso. "Sindikudziwa, Burul. Mwina akanakhala, mwina matenda anali atafika kale. Sindikunamiza kuti upepukidwe, ndipo sindikunamiza kuti ulire. Inenso ndimadzifunsa ngati ndikanangogwira mkono uja tsiku lomwe lija, a Toktosun akalipe akalipe. Aliyense ali ndi gawo lake."

Gawo langa ndimalidziwa. Ndi masiku khumi ndi awiri, ndipo palibe amene angandichotsere.

Dokotala wa ziweto anabwera sabata yomweyo ndi anthu ake. Anayeza gulu lonse, zodwala n'kuzipaka utoto wofiira pamsana, ndipo lole inadzazitenga. Zinali makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, zisanu mwa izo zanga. Nkhosa zochedwa kuswa ndinaziswetsa ine, nditavala magolovesi ofika m'zigongono. Palibe ngakhale imodzi imene inakana mwana wake. Abambo anasiya kundilankhula. Akafuna mchere pa nsalu ankauza khoma.

Zuura anabwera patatha masabata awiri, atanyamula thumba la mapiritsi, atatha ngati munthu wochoka kundende. Tinamugoneka kuseri kwa mbaula, ndipo ankangoyang'ana kukhoma. Ndinkayembekeza kuti amayi ayambiranso za kwawo kulipo, ndipo ndinali nditanola kale mayankho. Koma iwo anali atasintha mwa njira imene sindinaimvetse. Sankakalipa. Ankakama okha ng'ombe, n'kuwiritsa mkaka mpaka kusefukira pa mbaula, ataima pomwepo, maso ali kwina. Kawiri ndinawapeza ataima pakhomo la khola osalowamo.

Kenako a Shayir anabwera ndi kabokosi kodzaza. Nkhani ya Zuura inali itafika kuboma, ndipo anawapatsa timabotolo ta akazi onse ogwira m'makola ndi okama. Ine ndinathira tiyi, kenako ndinapereka mkono. Abambo anali pamalo pawo. Poti mlendo samuthamangitsa, anaganiza zomudyetsa madandaulo.

"Makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu, a Shayir. Iliyonse ndikuidziwa. Ya khutu long'ambika ija, agogo ake ndinawanyamula paphewa kuchokera kumsika wa kutsidya kwa phiri. Ya mphuno yoyera inkaswa awiriawiri zaka zisanu. Zonse pa lole, ngati nkhuni. Chikhalirecho izi si zachilendo. Chaka cha chipale chofewa chochuluka chija, Orozbek asanabadwe, zinapoloza makumi awiri ndi zitatu. Chaka chotsatira khumi ndi imodzi. Sitinaitane munthu, ndipo gulu linachira lokha."

"Nkhosa imapoloza kamodzi, kenako imaswa bwino," anatero a Shayir. "Koma matenda imakhala nawobe. Sizinachire, a Toktosun. Zinangosiya kukuuzani."

Amayi, amene anali asanalankhule chilowere mlendoyo, anasuntha kambale kawo.

"A Shayir, ndikufunseni. Matenda amenewa ndi a masiku ano?"

"Ayi, mayi. Ndi akale kuposa inu ndi ine."

"Zaka makumi anayi zapitazo analipo?"

"Analipo."

"Mudzi uno?"

"Paliponse pamene panali nkhosa."

Amayi anagwedeza mutu kangapo. Kenako anayamba kumasula mabatani a mkono wa diresi, ndi zala zawo zopindika zija zimene ife tonse tinkati ndi ukalamba.

"Lembani dzina langa."

"Magazi a nkhalamba akufunika chiyani?" anatero abambo. "Iwe unasiya khola kalekale."

"Ndinali mtengwa wamng'ono pakhomo pano zaka khumi ndi chimodzi," anatero amayi. Sankalankhula ndi abambo, ndipo sindikudziwa ngati ankalankhula ndi anamwino kapena ndi msana wa Zuura kuseri kwa mbaula. "Madzulo ndinkatentha. Chiuno chinkachita ngati achithyola ndi nkhwangwa. Apongozi anga ankati ndi ulesi, ndiponso kuti akazi a kwathu mimba zawo sizigwira. Ndinakhulupirira. Ndinati mkazi amapirira, zimatha zokha. Ndiye mwanayu atayamba, ndinaona ngati ndikudziona ndekha, ndipo ndinakwiya. Ndinati ine ndinapirira, iye ndi ndani."

Zuura anali atatembenuka. Ankawayang'ana apongozi akewo osaphethira.

Amayi anapinda mkono wa diresi mpaka pamwamba pa chigongono, n'kutembenukira kwa amuna awo. Mawu awo anali ofatsa, ngati akufunsa za nyengo.

"Bambo ake a Orozbek, mwati chaka cha chipale zinapoloza makumi awiri ndi zitatu, chotsatira khumi ndi imodzi. Mutu wanu ndi wabwino. Nanga anga amene anapita padera m'miyezi ya khola, anali angati?"

Abambo anayang'ana manja awo, anayang'ana pazenera. Ketulo inkalira pa mbaula ndipo palibe anadzuka kukaiphula.

"Awiri," anatero potsiriza, motsitsa.

"Anayi," anatero amayi, n'kutambasulira a Shayir mkono.